Dayisi Ili Pansi pa Matumba

Loweruka lililonse ku Ulongwe,
Felisimina akatseka sitolo yake ya mbewu,
timakokera tebulo pakati pa matumba a kachewere
n'kusanduka anthu ena:
ine mbala ya m'mizinda yosakhalako,
Felisimina sing'anga wa zilombo,
Kandido mlenje,
Selesitino mwini nkhani, woumba mapiri ndi pakamwa,
wodziwa yekha kumene chinjoka chagona.

Zaka zisanu ndi chimodzi buku lidali limodzi,
lofotokopa, lomata ndi selotepi,
dontho la tiyi pa mutu wonena za imfa.

Kenaka Selesitino adabwera kuchokera ku Moatize,
fumbi la malasha likadali m'khosi mwa jekete,
buku latsopano m'jumbo.
Fungo la inki. Zithunzi zamitundu.
Theka la malipiro, adati, koma mayi akunyumba asamve.

Adawerenga mokweza, akumasulira Chipwitikizi:
mkondo tsopano subaya kawiri,
mbala itha kuphunzira matsenga,
ndipo wogwa pankhondo safera pomwepo,
aponye dayisi katatu, mwina adzuka.

Felisimina adawomba m'manja.
Ndatopa ine kulenga munthu mwezi ndi mwezi,
kumupatsa dzina, mayi, chipsera pachibwano,
kuti afe ndi mbola ya njuchi Loweruka lachiwiri.
Mng'ono wanga adaleka kubwera chifukwa cha lamulo lomwelo.

Kandido adavula chipewa n'kuchivalanso.
Zachibwana izi. Akungofuna tigule buku lina.
Mlatho wopanda phompho pansi pake ndi thabwa chabe.
Mukachotsa imfa mwachotsa thukuta la m'manja.

Sadaichotse, angoichedwetsa!
N'chimodzimodzi!
Werenga tsamba 92!
Sindiwerenga zachinyengo ine!

Mlonda wa pachigayo adasuzumira pazenera
poyesa kuti tikulimbirana ndalama.

Ine ndidangoti duu, poti ndimadziwa
chimene chili m'kachikwama ka Kandido
kuseri kwa chiphaso cha njinga yamoto:
pepala lopinda kanayi, lofewa ngati nsalu,
Mphepozinayi, mlenje wa diso limodzi,
amene adayenda naye zaka zinayi
mpaka usiku wa pa mlatho wa zingwe
pamene dayisi idaonetsa kadontho kamodzi.
Selesitino adatseka buku osayang'ana munthu kumaso.
Kandido adapita kwawo wapansi,
akukankha njinga yabwinobwino.

Phokoso litatha adafunsa motsitsa mawu,
maso ali pa chikuto chonyezimira:
Katatu?
Nanga uja adaferanji?

Palibe tsamba loyankha zimenezo.

Magetsi adathima, mwa nthawi zonse.
Kunja mphepo ya Juni,
malole opita ku Kalomwe akubuula pachitunda.
Felisimina adayatsa tochi ya foni n'kuiimika m'kapu.
Tiyese usiku umodzi wokha, adati.
Zikapanda kukoma tibwerera ku selotepi yako.

Tidalowa m'phanga.
Chinjoka sichidawerenge buku lililonse:
mchira kamodzi kokha, phaa,
mlenje watsopano wa Kandido ali gada pamiyala,
mabuku awiri ali chitsegukire patebulo.
Lakale kapena latsopano? adafunsa Selesitino.
Lakale likuti ng'amba pepala, kagone.

Kandido sadayankhe.
Adatola dayisi, adaiuzira mpweya monga kale,
adaiponya ndi mphamvu yopyola muyeso.
Idalumpha tebulo, idagunda sikelo,
n'kulowa pansi pa matumba makumi atatu
amene lole idzanyamule Lachiwiri.

Tidayesa ndi tsache. Tidayesa ndi waya.
Felisimina adakana kuti tigwetse mulu wake.

Choncho mpaka Lachiwiri mlenje sadafe, komanso sali moyo.
Kandido akunenabe kuti buku latsopano n'lachibwana,
adauza ngakhale wometa tsitsi, amene sadziwa n'komwe za masewerawa.
Koma wandiimbira kale kawiri,
usiku, motsitsa mawu,
kufunsa ngati ndikudziwa
nthawi imene lole ija imafika.